Mombo ndi Tsanya: Mbiri ya Masamba Osintha Mtundu pa Njira ya ku Nayuchi

Njanji yochoka pa Nkaya m'boma la Balaka n'kukafika ku Nayuchi, pa malire a Malawi ndi Mozambique, ndi yotalika makilomita pafupifupi 100 okha, koma pa mtunda waufupi choterewu imadutsa nkhalango za mitundu iwiri zimene zimasintha maonekedwe pa nyengo zosiyana komanso pa zifukwa zosiyana. Kumunsi, m'chigwa chotentha cha mtsinje wa Shire, kumene dothi ndi lamakande ndipo madzi amadikha m'dzinja, mtengo wochuluka ndi wa tsanya, umene m'mayiko a kummwera amautcha mopane ndipo akatswiri a zomera amaulemba Colophospermum mopane. Kummawa kwa Liwonde, pamene njanji yayamba kukwera n'kumalambalala mapiri a Mongolowe, Chaone ndi Chikala, dothi limasanduka lamchenga ndi lamiyala, ndipo pamamera mombo, mchenga, msuku, mlombwa ndi muwanga. Nkhalango yachiwiriyi ndiyo imene mabuku a sayansi amaitcha miombo, dzina lotengedwa ku zilankhulo za kuno, ndipo mitengo yake yaikulu ndi ya m'magulu a Brachystegia ndi Julbernardia. Mitengo ya tsanya imasintha mtundu pamene ikutaya masamba akale, pamene mombo umafiira pamene ukubala masamba atsopano, ndipo mbiri ya mmene anthu a dera lino akhala akuonera mitengo yawo yagona pa kusiyana kumeneku.

M'mayiko ozizira a ku Ulaya, kumpoto kwa America ndi ku Japan, nyengo imene masamba amafiira imadza kutentha kukamatha, usana ukamafupika, ndipo anthu a kumeneko amaiona ngati kutsanzikana ndi chaka, chifukwa pambuyo pake pamabwera chisanu choopsa chimene chimasiya mitengo ili mbulanda kwa miyezi ingapo. Omasulira mabuku m'Chichewa akhala akuitcha nyengo imeneyo masika, popeza nayo ndi nthawi yokolola, koma dzinalo limasokeretsa owerenga a kuno. M'masika a ku Machinga, mu Epulo ndi Meyi, chimene chimauma ndi chimanga, mpunga wa m'madambo a Chilwa ndi udzu wa m'tchire, pamene mitengo imakhala ikadali yobiriwira. Kuyoyoka kwa masamba kumadza pambuyo pake, ndipo chimene chimakuyambitsa kwenikweni ndi kusowa kwa madzi m'nthaka, popeza mvula ikakata mu Epulo sibweranso mpaka cha mu Novembala.

Tsamba la tsanya ndi losavuta kulizindikira, chifukwa lili ndi mbali ziwiri zolumikizana pa phesi limodzi ngati mapiko a gulugufe kapena ngati phazi la mbuzi, ndipo dzuwa likatentha kwambiri mbali ziwirizo zimapindana n'kulozetsa m'mphepete mwake kudzuwa, kotero kuti munthu wofuna mthunzi m'nkhalango ya tsanya masana saupeza wokwanira. Ulifikisa m'manja limatulutsa fungo lamphamvu la utomoni. Kuyambira cha mu Juni masambawa amayamba kuchita chikasu, kenaka amafiirira ngati mkuwa, ndipo pofika Ogasiti ndi Seputembala ambiri amakhala atagwa n'kuyala pansi chiyalo chokhuthala chimene chimachita khwakhwa munthu kapena nswala ikamadutsa. Chimene chimachitika m'kati mwa tsambalo n'chakuti mtengo umaphwanya chlorophyll, utoto wobiriwira umene zomera zimagwiritsa ntchito popanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, n'kukokera zofunika zake m'nthambi ndi m'mizu kuti zisatayike pamodzi ndi tsamba. Utoto wobiriwirawo ukatha, pamaonekera utoto wina wachikasu wotchedwa carotenoid, umene udali momwemo chaka chonse koma utaphimbika. Masamba ogwawo sapita pachabe, pakuti nyama zakutchire ndi ziweto zimawatola pa nthawi imene msipu watheratu.

Komabe kuyoyoka kwa masamba sikudakhale ndi malo aulemu m'maganizo a anthu a kuno monga momwe kulili kumayiko a kumpoto. Mwambi wakuti tsamba likagwa manyazi agwira mtengo umanena za mwana wopulupudza amene amachititsa manyazi makolo ake, ndipo ukusonyeza kuti mtengo wopanda masamba unkaoneka ngati munthu wovulidwa. Mlambe wa ku Balaka utaima wopanda tsamba ndi limodzi lomwe, msetanyani utayera mbee pakati pa miyala ya m'phiri, ndi tchire litapsa n'kusanduka lupsa, ndiko kuti malo akuda otsala moto ukadutsa, zonsezi zinkakumbutsa anthu za zitsime zophwa ndi za nkhokwe imene yayamba kutsika. Maso awo ankadikira china.

Chimene ankadikiracho chimayamba kumapeto kwa Ogasiti n'kupitirira mpaka mu Okutobala, pa nthawi imene kumwamba kwachita mbuu ndi utsi ndi fumbi, ndipo palibe dontho la mvula limene lagwa kwa miyezi inayi kapena isanu. Mombo umakhala wopanda masamba kwa masabata ochepa chabe, kenaka nsonga za nthambi zake zimatulutsa mphukira, ndiko kuti masamba anthete ongobadwa kumene. Tsamba la mombo ndi lalitali ngati nthenga ya nkhanga, lokhala ndi timasamba tating'ono tambiri tondandalikana tiwiritiwiri, ndipo likangotuluka limalendewera pansi mofooka, lonyezimira ngati lapakidwa mafuta, lopyapyala moti dzuwa la m'mawa limapyoza n'kuliyatsa psuu ngati khala la moto. Mtengo wina umafiira ngati magazi, wina ngati katondo, wina motuwirako ngati mkati mwa gwafa wakupsa, ndipo popeza mitengo siiphukira tsiku limodzi, phiri lonse limakhala ndi mawangamawanga ofiira, achikasu ndi obiriwira mopepuka, amene amasintha m'mawa uliwonse kwa masabata awiri kapena atatu mpaka onse atasanduka biriwiri. Pa nyengo yomweyo zitheba zouma za mitengoyi zimaphulika dzuwa likakula n'kumwaza nthanga kutali, ndipo kuthetheka kwake kumamveka m'nkhalango monse masana. Muwale ndi mvunguti nazo zimachita maluwa ofiira nthawi imeneyi, koma kufiira kwa mombo kumaposa chifukwa kumakuta phiri lathunthu.

Utoto wofiirawo ndi anthocyanin, umene mtengo umaupanga mwadala m'tsamba lanthete lisanakhale ndi chlorophyll wokwanira, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti ntchito yake ndi kuteteza tsambalo ku dzuwa loopsa la chilimwe komanso ku tizilombo tokonda masamba ofewa. Chodabwitsa chachikulu n'chakuti mtengowo umaphukira mvula isanagwe. Umatero pogwiritsa ntchito chakudya chimene udasunga m'thunthu ndi m'mizu, komanso chinyezi chimene mizu yake yozama imakapeza pansi, kotero kuti mvula ikamafika masamba amakhala atakhwima kale, okonzeka kugwira ntchito kuyambira tsiku loyamba. Izi zimachitika m'nkhalango ya miombo yonse, imene ikuta malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 2.7 miliyoni, kuchokera ku Angola kudzera ku Congo, Zambia, Zimbabwe ndi Malawi mpaka ku Mozambique ndi Tanzania. Anthu olankhula Chishona ku Zimbabwe ali ndi dzina la nyengoyi, pfumvudza, ndipo kuno mawu akuti mitengo yaphukira ankakwanira kuti aliyense amve kuti chaka chatembenuka.

Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene mphukira zinkakhudzira mitima. Kwa mlimi wopanda kalendala ya pakhoma, kufiira kwa phiri kudali uthenga wakuti nthawi yososa m'munda yakwana, kuti denga lifoleredwe msanga, ndiponso kuti mvula yoyamba yotchedwa chizimalupsa, imene imazimitsa moto wa m'tchire n'kukhazika phulusa pansi, siili patali. Mombo ukangophukira umachita maluwa ang'onoang'ono obiriwira amene njuchi zimawakonda, ndipo alenje a uchi ankadziwa kuti ming'oma yawo, imene ankaipanga ndi khungwa la mitengo yomweyo n'kuipachika m'mphanda, idzakhala yolemera kumayambiriro kwa dzinja. Mchenga umachita maluwa mochedwerapo, ndipo uchi wake unkafulidwa mvula itakata. Masamba anthete ndiwo chakudya cha mphalabungu, mbozi zodyedwa zimene zinkathandiza pa ndiwo. M'kati mwa khungwa la mombo muli luzi, chingwe chimene amangira phaso la nyumba, nkhokwe, khola ndi mtolo wa nkhuni, ndipo wosenda luzi amang'amba kachigamba ka khungwa ndi chikwanje, n'kukoka mokweza mpaka mzere wautali utasendeka, kenaka n'kulekanitsa khungwa lakunja ndi lamkati ndi zala kapena mano. Munthu woleredwa chotero akaona phiri litafiira ankaona kukongola ndi chakudya pa nthawi imodzi, ndipo kungakhale kulakwa kuganiza kuti popeza sankapanga ulendo wongokaonerera masamba ndiye kuti sankasangalala nawo.

Anthu amene akhala m'dera lino ndi a mitundu ingapo, ndipo onse adapeza nkhalangoyi n'kuidalira. Amang'anja ndi Anyanja ndiwo adali m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa pamene David Livingstone ndi John Kirk adafika pa nyanjayo mu Epulo 1859. Kirk adali dokotala komanso wosonkhanitsa zomera, ndipo dzina la sayansi la msuku, Uapaca kirkiana, ndi lomukumbukira iyeyo, ngakhale kuti ana a m'midzi adali atatola masuku kwa zaka mazanamazana iye asanabadwe. M'zaka zomwezo Ayawo a mbumba ya Amachinga ankalowa kuchokera kummawa, kudziko limene lero ndi chigawo cha Niassa, ndipo mafumu awo monga Kawinga ndi Liwonde adakhazikika m'mapiri ndi m'mbali mwa Shire. Kawinga adamanga linga lake pa phiri la Chikala, pakati pa nkhalango ya miombo, mpaka pamene asilikali a boma la atsamunda adamugonjetsa m'chaka cha 1895. Malonda a Ayawo ndi kugombe la nyanja yamchere adabweretsa nsalu za thonje zimene pang'onopang'ono zidalowa m'malo mwa chiwondo, nsalu ya khungwa imene ankaipanga pomenya khungwa lamkati la mombo ndi chibonga mpaka litafewa n'kutambasuka. Alomwe nawo adayamba kuwoloka malire mwaunyinji kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pothawa ulamuliro wankhanza wa Apwitikizi, ndipo ambiri adalandiridwa ndi mafumu a Chiyawo. Miyambo ya chinamwali ya jando ndi nsondo imachitika m'chilimwe, ndipo ndagala, ndiko kuti msasa wa anyamata ovinidwa, imamangidwa kutchire ndi mitengo, udzu ndi luzi, kotero kuti kwa mibadwo yambiri anyamata ankatuluka ku ndagala pafupifupi nthawi yomweyo imene mapiri ankayamba kufiira.

Boma la atsamunda lidaona nkhalangoyi ndi maso ena. M'chaka cha 1924 mapiri a kummawa ndi kummwera kwa Liwonde adalengezedwa kukhala nkhalango yotetezedwa ya boma, makamaka pofuna kusunga magwero a mitsinje ndi kuletsa kukokoloka kwa nthaka, ndipo kuyambira pamenepo munthu wokasenda luzi kapena kudula mlongoti m'phiri la makolo ake ankafunika chilolezo. Akatswiri a nthawiyo ankadandaula kuti mombo ndi mtengo wokhota, wokula pang'onopang'ono, wosapatsa matabwa abwino, ndipo mtima wawo udali pa mlombwa, mbawa ndi mitengo yobwera ngati paini ndi bulugama. M'matauni a Zomba ndi Blantyre adadzala jakaranda wochokera ku South America, amene amachita maluwa ake a mtundu wa pepo mu Seputembala ndi Okutobala, ndiye kuti pa nyengo yomweyo ya mphukira, ndipo anthu ophunzira ambiri adazolowera kutchula jakaranda akamanena za kukongola kwa chilimwe, kuiwala mapiri ofiira amene awazungulira. Chinthu chimodzi chothandiza chimene nthawiyo idasiya ndi chidziwitso cha moto. Kafukufuku amene adayamba ku Ndola m'chaka cha 1933, m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo zotsatira zake zidalembedwa ndi Colin Trapnell, adasonyeza kuti moto woyatsidwa msanga, udzu usanaumitsitse, suwononga kwambiri miombo, koma moto wa mochedwa, wa mu Seputembala ndi Okutobala, ukamabwerezedwa chaka ndi chaka umatha nkhalango. Chifukwa chake n'chomveka: moto wotero umapeza mtengo utangotulutsa mphukira, ndiko kuti utawononga kale nkhokwe yake, ndipo masambawo akapsa umayenera kutulutsa ena ndi mphamvu zochepa zotsala.

Njanji ya ku Nayuchi idatsegulidwa m'chaka cha 1970, itamangidwa ndi ngongole yochokera ku South Africa, pofuna kulumikiza Malawi ndi doko la Nacala. Chakumapeto kwake imayenda pa mtunda wamchenga wolekanitsa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, n'chifukwa chake siteshoni ya tsidya lina la malire ili ndi dzina la Chipwitikizi lakuti Entre Lagos, kutanthauza pakati pa nyanja ziwiri. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique idaimitsa sitima za ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi mpaka pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ambiri a iwo adakhala m'maboma a m'malire kuphatikizapo Machinga, pakati pa abale awo enieni olankhula Chiyawo ndi Chilomwe, ndipo banja lililonse linkafunika milongoti ya nyumba ndi nkhuni zophikira. Sikungakhale chilungamo kuwasenzetsa othawa nkhondowo mlandu wa kutha kwa mitengo, pakuti kudula kudapitirira iwo atabwerera kwawo. Pofika kalembera wa 2018 boma la Machinga lidali ndi anthu oposa 700,000, ndipo Balaka, imene idapatulidwa ku Machinga m'chaka cha 1998, idali ndi oposa 400,000. Minda idakula, zigafa za fodya zidafuna mitengo, njerwa zidafuna nkhuni zootchera, ndipo asodzi a pa Chilwa ndi Chiuta adafuna nkhuni zowambira milamba. Nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga idachitira mu 1968, 1995 ndi 2012, asodzi ambiri amasowa pogwira, ndipo ena amatembenukira kunkhalango.

Chimene chatha mitengo mofulumira koposa zonse ndi makala, ndipo tsoka lake n'lakuti mombo, mchenga ndi tsanya, mitengo yomwe imavala mitundu yokongola ija, ndiyo imapatsa makala olemera ndi okhalitsa pa mbaula. Wootcha makala amadula thunthu m'zidutswa, n'kuzisanja mopingasa pa mitengo iwiri yogoneka, n'kufolera muluwo ndi udzu ndi masamba, kenaka n'kuukwirira ndi zibuma za dothi, kusiya kabowo koyatsira. Utsi umafuka pang'onopang'ono kwa masiku angapo, iye akuyang'anira usana ndi usiku kuti pasabooke n'kusandutsa zonse phulusa. Gawo lalikulu la kulemera kwa mtengowo limapita ndi utsi, ndipo chotsalacho chimalowa m'matumba osokedwa pamwamba ndi luzi la mtengo womwewo, n'kukwezedwa pa njinga kupita ku Liwonde, Balaka, Zomba kapena pa msewu wa ku Blantyre. Wootchayo nthawi zambiri ndi mlimi amene chimanga chamuthera, ndipo wogula ndi banja la m'tauni limene lilibe magetsi kapena silingakwanitse kuphikira magetsi. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo nkhalango ya Liwonde idali imodzi mwa ziwiri, pamodzi ndi ya Chimaliro, kumene m'chaka cha 1996 boma lidayamba kuyesa kusamalira nkhalango mogwirizana ndi midzi yozungulira. Koma lamulo silidachotse njala ya wogulitsa ngakhale kusowa kwa wogula.

Mitengo ya tsanya yapulumuka bwino m'malo osungira nyama a Liwonde, amene adakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kuyambira 2015 akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks, limene lidazungulira malowo ndi mpanda wamagetsi. Mmenemo muli tsanya wamtali woongoka amene kunja kwa mpanda ndi wosowa, ngakhale kuti njovu nazo zimathyola nthambi zake n'kusiya ina itapinimbira. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wa m'mudzi woyandikana ndi mpandawo angathe kukula osayendapo pansi pa nkhalango yotero masamba ake atachita chikasu, pamene mlendo wochokera kutali amaiona tsiku limene wafika.

M'midzi, mitengo yodzalidwa pa nyengo yodzala mitengo ya chaka ndi chaka yakhala kwambiri bulugama, malaina, kesha ndi mango. Imakula msanga ndipo yathandizadi pa nkhuni ndi milongoti, koma pali zina zimene singabwezeretse. Bowa wa ndelema, manyame ndi chipatwe, amene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu wa Zomba ndi Liwonde m'dzinja, amamera molumikizana ndi mizu ya mombo, mchenga ndi msuku, bowayo akuthandiza mtengo kuyamwa mchere wa m'nthaka ndipo mtengo ukuwapatsa chakudya, kotero kuti mitengoyo ikatha bowayo amathanso. Mtengo wachilengedwe umene alimi ambiri amausiyabe m'minda ndi msangu, ndipo khalidwe lake ndi losemphana ndi ina yonse, chifukwa umayoyola masamba mvula ikayamba, n'kuthira manyowa chimanga chili pansi pake popanda kuchitchinga dzuwa, ndipo umabiriwira m'chilimwe pamene anzake ali mbulanda.

Mu Ogasiti 2022 mayiko okhala ndi nkhalango ya miombo adakumana ku Maputo n'kugwirizana zoisamalira pamodzi, ndipo chimodzi mwa zinthu zopatsa chiyembekezo pa ntchito yotero ndi chikhalidwe cha mtengowo. Mombo wofesedwa ku nthanga umachedwa kwambiri, popeza kwa zaka zingapo zoyamba umalimbikira kuzamitsa muzu, kumtunda kukungooneka kamtengo kofika m'bondo, koma chitsa cha mtengo wodulidwa chimakhala ndi mizu yokhwima kale ndipo chimaphukira chokha ngati sichidazulidwe kapena kupsa mobwerezabwereza. Alangizi a zaulimi ndi a zankhalango tsopano amaphunzitsa alimi kusankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa, kudulira zina zonse, ndi kulambula udzu mozungulira moto wa chilimwe usanafike. Wokwera sitima kuchokera ku Liwonde kupita ku Nayuchi mu Seputembala angaone kufiira kwakale kuja m'malo atatu: m'zigwembe za mapiri mmene njinga ya makala singafike, m'manda mmene mwambo umaletsa nkhwangwa kupatula pa tsiku la maliro, ndi m'mphepete mwa minda yososedwa, mmene zitsa zakuda ndi moto zimatulutsa timasamba tofiira tofika m'chiuno mwa mwana.